Nanga Zitsulo za Galimoto Sizingasulidwe Kuno Kwathu?

THUCHILA, Mulanje. Munthu woima pa mlatho wa Thuchila, pa msewu wa Midima umene uchokera ku Limbe kulinga ku boma la Mulanje, sachedwa kuzindikira kuti chuma cha dera lino chiyenda pa matayala. Kuyambira m'bandakucha kufikira madzulo padutsa maminibasi odzaza anthu, malole onyamula nandolo ndi chimanga, ndiponso njinga zamoto ndi zakapalasa za anyamata a kabaza, zimene zitenga munthu pa msewu waukulu ndi kukamtula kumudzi kumene galimoto siingafike. Komatu maulendo onsewa atsamira pa tinthu ting'onoting'ono timene wokwera satiwona: kabawuti, kabeling'i, kansapato ka buleki, kamphira kogwira sipuling'i. Kena mwa timeneti kakathyoka, minibasi iima, mayi wodwala safika kuchipatala, ndipo nandolo agona m'mbali mwa msewu.

Pafupifupi masipeya onsewa achokera kunja, ndipo agulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lino likuzisowa. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Eni magalimoto anamva kuwawa kwake pa kauntala ya masitolo a ku Limbe, ndipo okwera anakumva pa mtengo wa ulendo. Nchifukwa chake m'magalaji ndi pa masiteji mwamveka funso limene liyenera kuyankhidwa mosamala: kodi zina mwa zitsulo zimenezi sizingapangidwe konkuno? Boma, m'masomphenya a Malawi 2063 amene anakhazikitsidwa mu January 2021, linaika ntchito za mafakitale kukhala imodzi mwa nsanamira zitatu za chitukuko. Cholinga chilipo kale. Chotsala ndicho kudziwa chimene chinapambanitsa ena pa ntchito imeneyi, ndi chimene chinagwetsa anzawo.

Luso lilipo, koma silikwanira

Asanene munthu kuti Amalawi sadziwa chitsulo. Pa Thuchila, pa Nkando ndi pa Luchenza pali owotcherera amene amapanga keliyala ya njinga yoti munthu wamkulu akhalepo ndi thumba lake. Pali amakaniko amene amasema mphira wa tayala lakutha nalowetsa m'malo mwa bushi yoperepeseka, galimoto niyendanso. M'masiku a United Transport ndi Stagecoach, kampani ya PEW ku Blantyre inkamanga matupi a mabasi pa mafelemu ochokera kunja, ndipo mabasi amenewo anayenda m'misewu yoipa ya dziko lino zaka zambiri.

Koma kupanga chinthu chimodzi chabwino nkosiyana ndi kupanga zinthu chikwi zofanana ndendende. Apa ndiye pagona nkhani. Galimoto imodzi, munthu akawerenga mpaka timabawuti, ili ndi zidutswa pafupifupi 30,000, ndipo zambiri mwa izo sizipangidwa ndi kampani imene dzina lake lalembedwa pa boneti. Zipangidwa ndi makampani ena, aakulu ndi aang'ono, amene dzina lawo mwini galimoto salimva moyo wake wonse. Makampani amenewa akhala ndi moyo pokhapokha ngati atha kutulukira chinthu chatsopano, kuchiyesa, ndi kuchipereka pa tsiku lopangana, pa mtengo wopangana, chosasiyana ndi chinzake ngakhale pang'ono.

Mphete 50, zabwino 3

Mbiri imene iyenera kufika m'makutu a wowotcherera aliyense wa m'mbali mwa msewu ndiyo ya Bambo Soichiro Honda a ku Japan. Iwo anabadwa mu 1906, ndipo atate awo anali msulizitsulo amene ankakonzanso njinga zakapalasa. Mu 1922 anapita ku Tokyo kukaphunzira umakaniko pa galaji ya Art Shokai, ndipo mu 1928 anatsegula nthambi ya galajiyo ku Hamamatsu. Anali makaniko wotchuka, wamanja abwino, wokhulupirira kuti chimene maso aona manja angachipange. Tsono chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anayamba kampani ya Tokai Seiki kuti azisula mphete za pisitoni, zimene amakaniko kuno azitcha maring'i.

Pakuziona, mphete zija zinalibe chilema. Koma pamene anatumiza 50 ku kampani ya Toyota kuti zikayesedwe, zimene zinalandiridwa zinali 3 zokha. Bambo Honda anali atapita kale kwa aphunzitsi a sukulu ya zaumisiri ya ku Hamamatsu ndi mphete zawo zoyamba zimene zinkasweka, ndipo kumeneko anauzidwa kuti chitsulo chawo chinkaperewera silicon, chinthu chimene iwo sankadziwa nkomwe kuti chifunika. Munthu wamkulu, wokhala ndi antchito ake, analowa m'kalasi kukaphunzira za kasanganizidwe ka zitsulo, nayendera mafakitale m'dziko lonselo kuona momwe anzake achitira. Patapita zaka zowerengeka mphete zawo zinayamba kulandiridwa zambirimbiri, kotero kuti Toyota inagula gawo la kampaniyo. Mu 1945 anagulitsa zotsala, ndipo mu 1948 anakhazikitsa Honda Motor, dzina limene lidziwika lero ndi mwana aliyense.

Pa mbiri imeneyi pali ziwiri zoyenera kuziona. Choyamba, chimene chinalephera sanali manja a mmisiri ayi, koma chidziwitso cha m'kati mwa chitsulo, chimene diso silingaone. Chachiwiri, woweruza anali wogula, ndipo anaweruza ndi chipangizo choyezera. Bambo Honda akanatha kukwiya ndi kukagulitsa mphete 47 zija kwa amakaniko osadziwa kanthu. Ambiri kuno akanatero, ndipo akanapeza ndalama mwezi umenewo. Iwo anasankha kulandira muyeso wa wogula ngati muyeso wawo.

Kukhala pamodzi ndi wogula kuyambira pachiyambi

M'zaka za m'ma 1980 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Harvard, a Kim Clark ndi a Takahiro Fujimoto, anafufuza momwe makampani a ku Japan, ku America ndi ku Ulaya amakonzera galimoto yatsopano, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1991. Anapeza kuti a ku Japan ankamaliza ntchitoyo pafupifupi chaka chathunthu anzawo asanamalize, ndiponso ndi maola a mainjiniya ongopitirira pang'ono theka la maola a anzawowo. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti opanga masipeya a ku Japan sankadikira kupatsidwa chojambula chotha kale. Ankaitanidwa galimoto ikali pa pepala, nauzidwa ntchito imene chitsulocho chiyenera kugwira, malo amene chiyenera kukwana ndi mtengo umene sichiyenera kupitirira, ndipo zotsalazo ankalingalira okha. Makampani ena ankatumiza mainjiniya awo kukakhala m'maofesi a wogula miyezi yambiri, kuti cholakwa chionekere chitsulo chisanadulidwe.

Kampani ya Denso ndiyo chitsanzo chodziwika. Inapatukana ndi Toyota mu 1949, ndipo mu 1953 inapangana ndi kampani ya Bosch ya ku Germany kuti iphunzire luso limene inalibe. Siinachite manyazi kukhala mwana wa sukulu. Ndipo chinthu chake chotchuka koposa sichinachokere kwa akuluakulu, koma ku madandaulo a antchito a m'fakitale, amene anatopa kuwerenga ndi makina timizere tambirimbiri tomatidwa pa mabokosi a masipeya, pakuti chizindikiro chimodzi cha timizere chinkasunga zilembo ngati 20 zokha. Mu 1994 injiniya wina wa kampaniyo, Bambo Masahiro Hara, ndi anzake anatulukira kabokosi kamadontho kotchedwa QR code. Amene akaona lero pa zikwangwani ndi pa mapaketi a katundu mwina sadziwa kuti kanabadwira m'nyumba yosungiramo zitsulo za galimoto.

Oda yaikulu nayo iluma

Asaganize munthu kuti kupeza wogula wamkulu ndiko kumaliza mavuto. Za ichi umboni uli pafupi, ku South Africa, kumene ana ambiri a m'boma la Mulanje apita kukafuna ntchito. Dziko limenelo linapanga magalimoto oposa 600,000 mu 2023, ndipo lili ndi mafakitale ambiri opanga masipeya. Mu February 2021 kampani ya Ford inalengeza kuti iika ndalama zokwana R15.8 biliyoni kukonzanso fakitale yake ya ku Silverton, ku Pretoria, kuti izipanga Ranger yatsopano. Ntchito yopanga mitolo ya mawaya amagetsi a galimotoyo inapatsidwa kwa kampani ya Hesto Harnesses, ya m'gulu la Metair, imene inamanga fakitale yatsopano ku KwaDukuza, m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Fakitaleyo inatsegulidwa mu 2022 ndi Pulezidenti Cyril Ramaphosa, ndipo inalemba anthu zikwizikwi.

Mtolo wa mawaya ndi chinthu chooneka chopepuka, koma uli ngati mitsempha ya m'thupi, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yake ichitidwa ndi manja. Monga momwe Metair inafotokozera eni masheya ake, kapangidwe ka mitoloyo kanasinthidwa nthawi itatha kale, ndipo ntchito inapezeka yovuta kuposa momwe anawerengera popangana mtengo. Panafunika antchito ochuluka, maola owonjezera, ndi kubweretsa zipangizo pa ndege kuti fakitale ya wogula isaime. Mu 2023 Hesto inataya ndalama zankhaninkhani, kufikira pamene mbali ziwirizo zinakhala pansi kukambirananso za mtengo. Mawaya ankatuluka, magalimoto ankagulitsidwa, koma wopanga mawayawo ankasauka pa mtolo uliwonse.

Mmisiri wa pa Thuchila adziwa zimenezi pa muyeso wake waung'ono. Munthu abwera napangana naye mtengo wa ngolo, ndipo chitsulo chitadulidwa kale abweranso kunena kuti aitalikitse. Ngati sanapangane poyamba kuti kusintha kulikonse kuli ndi mtengo wake, wolira ndi mmisiri.

Phunziro la thumba la feteleza

Mlimi aliyense wa m'chigwa cha Thuchila adziwa chimene chichitika ndi thumba la feteleza wa CAN likasiyidwa pa chinyontho: timibulu tija tisungunuka, tigwirana, ndipo feteleza asanduka chibuma. Nzeru imeneyi, imene mayi wosaphunzira ali nayo, ndiyo imene kampani ina yaikulu inainyalanyaza, ndipo inagwa nayo.

Kampani ya Takata ya ku Japan inali pakati pa makampani otsogola pa dziko lonse opanga airbag, thumba lija limene lifufuma mwadzidzidzi pa ngozi kuti woyendetsa asamenyetse chifuwa pa chiwongolero. Kuti thumbalo lifufume m'kuphethira kwa diso pafunika mankhwala oyaka msangamsanga otulutsa mpweya. Takata inasankha ammonium nitrate, wachibale wa feteleza uja, chifukwa ndi wotsika mtengo. Ali watsopano ankagwira ntchito bwino. Koma galimoto ikakhala zaka zambiri kumalo otentha ndi achinyezi, kumene usana kuwotcha ndipo usiku kuzizira, mankhwala aja ankasintha, nayaka mwaukali kuposa muyeso, kotero kuti kachitini kachitsulo kowasungira kankaphulika ndi kuponyera zidutswa kumaso kwa munthu amene kanayenera kumteteza.

Honda inayamba kuitanitsa magalimoto kuti akakonzedwe mu 2008, ndipo m'kupita kwa zaka chiwerengero cha matumba oyenera kusinthidwa chinafika pafupifupi 67 miliyoni ku America kokha. Anthu oposa 30 anafa m'maiko osiyanasiyana. Choipa koposa nchakuti mu 2017 kampaniyo inavomera pamaso pa khoti la ku America kuti inkapereka kwa ogula ake zotsatira zabodza za kuyesa, ndipo inalipitsidwa madola 1 biliyoni. Mu June chaka chomwecho inagwa.

Nkhani imeneyi si yakutali monga momwe ionekera. Magalimoto ambiri a m'misewu ya dziko lino ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, ena a zaka zomwezo, ndipo chigwa cha Thuchila chidziwa kutentha kwa mwezi wa October ndi chinyezi cha dzinja ndi cha chiperoni. Mwini galimoto yotere achita bwino kufunsa kwa ogulitsa ovomerezeka a mtundu wa galimoto yake ngati thumba lake linasinthidwa. Koma kwa wofuna kupanga masipeya, mfundo yake ndi yakuti chinthu chiyesedwe m'nyengo ndi m'misewu momwe chikakhale, kwa nthawi yokwanira, ndipo chimene kuyesako kwaonetsa chinenedwe monga chiliri ngakhale chiwononge malonda a chaka chimenecho.

Njinga yopangidwira msewu wafumbi

Chitsanzo choyandikira koposa ku moyo wa pa Thuchila sichili pa galimoto, koma pa njinga yakapalasa. Bambo F.K. Day, mmodzi mwa oyambitsa kampani ya SRAM ya ku Chicago, yopanga magiya, matcheni ndi mabuleki a njinga zodula, anakhazikitsa bungwe la World Bicycle Relief mu 2005 pamodzi ndi Mayi Leah Missbach Day, pofuna kuthandiza anthu a ku Sri Lanka amene anaonongekeredwa ndi madzi a m'nyanja mu December 2004. Chaka chotsatira anafika ku Zambia kudzagawa njinga kwa anthu odzipereka osamalira odwala m'midzi. Kumeneko anapeza kuti njinga zimene zinali pa msika sizinkakhalitsa: masipoko ankaduka, mapedulo ankasweka, ndipo keliyala inkapindika ndi katundu wa tsiku ndi tsiku.

Pokhala anthu odziwa masipeya, sanayambe ndi kujambula njinga yokongola. Anayamba ndi kuyang'ana chimene chathyoka, kufunsa wokwera kuti ananyamula chiyani ndipo anadutsa kuti, ndi kubwerera kwa opanga chidutswa chimenecho kuti achilimbitse. Umo ndimo munabadwira njinga ya Buffalo, yachitsulo cholemera, ya keliyala yonyamula makilogalamu 100, imene ilumikizidwa m'maiko momwe igulitsidwa, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia. Anaphunzitsanso amakaniko m'midzi ndi kutsegula masitolo a masipeya ake, podziwa kuti chinthu chopanda sipeya chifa tsiku limene chayamba kudwala. Mu 2024 anatulutsa mtundu wina wa matcheni awiri, umene wokwera asintha liwiro popalasa chambuyo, wopanda timawaya ndi tizitsulo tolendewera timene fumbi ndi matope zitiononga msanga. Ena adandaula kuti njingayi ndi yodula poyerekeza ndi zinzake, ndipo dandaulo limenelo lili ndi maziko kwa mlimi wa nandolo. Koma wa kabaza amene awerenga masiku amene njinga yake yagona kwa makaniko ali ndi masamu ena.

Poyambira pake

Dziko lino lilibe fakitale yopanga magalimoto, choncho palibe Toyota kapena Ford woti nkupereka oda ya zidutswa zikwi zana. Kulota zopanga injini kapena zamagetsi za galimoto zamakono nkudzinamiza. Chitsulo chenichenicho chichokera kunja, magetsi sakhala odalirika nthawi zonse, ndipo sipeya yotchipa yochokera ku China kapena yochotsedwa pa galimoto yakufa idzapikisana ndi chilichonse chopangidwa kuno. Khomo lotseguka ndilo la zinthu zimene zitha msanga m'misewu yathu, zolemera kapena zotenga malo kotero kuti kuzinyamula kuchokera kutali kukweza mtengo, ndiponso zosafuna makina odabwitsa: mabushi ndi zina zamphira, masamba a sipuling'i, mapaipi otulutsa utsi, makeliyala a njinga zamoto, ngolo zokokedwa ndi matupi a malole. Mabuleki ndi zonse za chiwongolero, pakuti pamenepo pali moyo wa munthu, zisakhudzidwe kufikira pali malo oziyesera.

Zina zofunika zilipo kale, kungoti sizinalumikizane. Mphira ulimidwa ku Vizara m'boma la Nkhata Bay. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards lakhalapo kuyambira 1972. Sukulu ya Polytechnic, imene tsopano ndi yunivesite ya MUBAS, yaphunzitsa mainjiniya kwa zaka zoposa makumi asanu, ndipo yunivesite ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014, ili pa Ndata m'boma la Thyolo, ulendo wosafika tsiku kuchokera pa Thuchila ngakhale pa njinga. Bungwe la TEVETA liyang'anira maphunziro a amisiri kuyambira 1999. Mphunzitsi amene anauza Bambo Honda za silicon alipo m'dziko muno. Chimene sichinazolowereke ndicho chakuti wowotcherera wovala ovolosi yamafuta alowe pa chipata cha yunivesite ndi chitsulo chothyoka m'manja, ndi kulandiridwa. (M'boma loyandikana la Phalombe, pa phiri la Songwe, muli miyala ya mtundu umene upangidwa maginito a injini za magalimoto amagetsi, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo mwala wokumbidwa suli sipeya.)

Wogula woyamba nayenso alipo, angofunika kusonkhanitsidwa. Eni maminibasi ali ndi bungwe lawo, a kabaza ali ndi magulu awo pa siteji iliyonse, ndipo makampani a tiyi a ku Mulanje ndi ku Thyolo ali ndi mathirakitala, ngolo ndi malole zimene zikonzedwa chaka chonse. Magulu amenewa akadati alembe m'buku kwa miyezi khumi ndi iwiri chitsulo chilichonse chimene asintha, galimoto yake, msewu wake ndi masiku amene chakhala, pakanapezeka zinthu zitatu kapena zinayi zimene zibwerabwera pa tsamba lililonse. Mmisiri akanayamba ndi chimodzi cha izo. Akanapanga makumi awiri, kupita nazo kukayezetsa, kuzimanga pa maminibasi oyenda pakati pa Limbe ndi Muloza ndi pa njinga zolowa m'misewu yafumbi, ndi kudikira kuti dzinja lipite asanaike mtengo ndi dzina lake pa chinthucho.